Ponte: chinyumba chamene anachitaya, chinauka na chipyango

 Sabata ino sinabwere na nkhani ya amene asiyana na ndani, olo ya woimba amene anabwereka motoka ya mu video yake. Nabwera na nkhani ya nyumba. Musathamangire ku page ya bola, yembekezani pang'ono, chifukwa nyumba iyi mwaiona kale kambiri, kungoti palibe anakuuzani dzina lake.

Ngati munatamba Chappie, ija movie ya robot ya 2015, munaona chinyumba chozungulira ngati dramu, chautali, chili na chibowo pakati kuchokera pansi mpaka kumwamba. Mu District 9 ya 2009 chionekamo. Mu Resident Evil: The Final Chapter ma zombie anachizungulira. Na Drake mu 2016 anapita kukajambulako ka filimu kake kotchedwa Please Forgive Me. Ambiri mumaganiza ati ni vopanga pa kompyuta. Iyayi. Chinyumba icho chiliko, chili ku Johannesburg, m'dera la Berea pafupi na Hillbrow, ndipo dzina lake ni Ponte City. Pamene muwerenga apa muli mayi wina amene ateleka nsima ya kumeneko pa floor ya 30, na mwana wina amene asakila sokosi ya ku sukulu.

Nchito yanga ni ma movie na nyimbo, so n'nayamba kuchikonda chifukwa cha ma kamera. Koma chaka chatha n'naperekeza ba aunty anga amene amapita kukaoda katundu ku Joburg, n'napeza mpata wolowamo. Kuchokera tsiku ilo nkhani yake yakana kuchoka m'mutu mwanga, maka-maka nikakwera masitepe a pa block pamene nikhala muno mu Lusaka.

Findeco ziwiri pamodzi

Tiyambe na msinkhu, kuti mumvetse vamene nikamba. Findeco House yathu ya pa Cairo Road, ija timaonetsa alendo ochokera kumudzi, ni yautali mamita 90. Ponte ni mamita 173. Tengani Findeco, muikepo inzake pamwamba, mwapitirira pang'ono chabe. Ili na ma floor 54, ndipo kwa zaka zambiri munalibe nyumba ina yokhalamo anthu mu Africa yonse yoiposa kutalika. Pamutu pake pali chikwangwani chachikulu cha Vodacom chamene chimayaka usiku. Amene munalowapo mu Joburg na basi, maso ali ofiira chifukwa cha tulo twa pa border, munachiona musanafike na ku Park Station komwe.

Inatha kumangidwa mu 1975. Amene anaijambula pa pepala anali atatu: Mannie Feldman, Manfred Hermer na Rodney Grosskopff. Uyu womaliza anali na zaka 29 chabe, msinkhu wa ambiri a ise amene tikali kulimbana na rent ya room imodzi.

Nanga chibowo cha pakati chinabwera bwanji? Sikuti anafuna chabe style. Malamulo a mzinda nthawi ija anali kunena kuti kitchen na bafa vifunika kukhala na windo. Manje ukamanga chinyumba chonenepa chotere, vipinda va mkati vipeza kuti kuwala? Anzathu anaganiza: tiyeni tisiye pakati poboola, mawindo ena ayang'ane kunja ku mzinda, ena ayang'ane mkati. Pansi pa chibowo anasiya mwala wa chilengedwe mwamene anaupezera, wokwera na kutsika. Panali na maganizo akuti pa mwala apo apangepo malo otsetserekapo ngati vamene azungu amachita pa snow. Sivinachitike, koma vikuonetsani mtundu wa maloto amene anali nawo.

Mkati munali mashopu pansi, swimming pool, na malo oimika motoka ma floor angapo. Kumwamba kwenikweni kunali ma flat a ma floor atatu-atatu, a ma carpet a ubweya, na sauna momwemo. Kukhala mu Ponte mu 1975 kunali kuuza dziko kuti wafika.

Koma osaiwala chaka. Iyi inali nthawi ya apartheid. Lamulo la Group Areas Act la 1950 linagawa malo okhala potengera khungu, ndipo Berea na Hillbrow anali malo a azungu. Munthu wakuda analowa mu Ponte kukapyanga, kukaphika na kukalera ana a eni. Tuvipinda twa anchito tunaikidwa pamwamba, mawindo ake okwezeka kuti wanchito asasuzumire mu ma flat a mabwana. Taganizani: ugona pamwamba pa nyumba yaitali kupambana zonse, koma windo anaipanga dala kuti usaone bwino.

Mwamene nyumba imafera

Patapita chaka chimodzi chabe, mu June 1976, ana a sukulu a ku Soweto anauka, apolisi anawombera, dziko lonse linagwedezeka. Kuchokera apo vinthu mu town ya Joburg vinayamba kusintha. Azungu a ndalama anayamba kusamukira kumpoto, ku ma yadi a mipanda ku Sandton na Randburg. Ma flat a mu Hillbrow anayamba kukhala opanda anthu. Nthawi imodzimodzi ku Soweto na ku makomboni ena nyumba zinali zosakwana, anthu anali kufuna kukhala pafupi na nchito. So amwenye, makaladi na anthu akuda anayamba kulowa mu ma flat aja mwakabisira, lamulo likali kuwaletsa.

Apa ndiye pali phunziro loyamba, ndipo nifuna mulimvetse bwino, chifukwa anthu ambiri amaifupikitsa nkhani iyi moipa. Amakamba ati "anthu akuda atalowa, nyumba inaonongeka." Bodza. Tiyeni tione mwamene vinayendera.

Munthu amene akhala pamalo mosaloledwa na lamulo alibe pakamwa. Ba landlord akakweza rent kawiri, sangapite kukadandaula kulikonse, chifukwa akatsegula pakamwa ni yeve amene agwidwa. Ma landlord ambiri mu Hillbrow anaona mwayi apo: rent pamwamba, kukonza ziro. Rent ikakula, banja limodzi silikwanitsa, ndiye muitana msuweni, msuweni aitana mnzake, flat ya anthu awiri mukhala khumi. Mapaipi amene anapangidwira anthu awiri asebenzera khumi. Lift imene inali kukwera maulendo ochepa manje siipuma. Ma banki naonso analeka kupereka nkongole zogulira olo kukonzera nyumba m'dera lija. Ndalama zinali kutuluka mwezi na mwezi, koma zobwerera kukagula paipi olo bulb kunalibe.

Group Areas Act inachotsedwa mu 1991, ufulu unabwera mu 1994, ndipo Joburg inatseguka ku Africa yonse. Anabwera a ku Congo, a ku Nigeria, a ku Zimbabwe, a ku Mozambique, a ku Malawi, na athu a kuno. Ambiri anali anthu wamba osakila ka nchito na pogona. Koma pamene palibe woyang'anira, akabwalala naonso amapeza nyumba. Mu ma 1990 dzina la Ponte linayamba kumveka pamodzi na mankhwala osokoneza bongo, mfuti na uhule. Taxi driver ukamuuza ati nipereke ku Ponte usiku, anali kukuyang'ana kawiri.

Ndiye chija chibowo. Lift yafa, iwe ukhala pa floor ya 40, pulasitiki ya vinyalala yadzala. Uzatsika masitepe mahandiredi kukataya, na kukweranso? Windo ili pafupi. Woyamba anaponya usiku, mwamanyazi. Wachiwiri anaona kuti palibe anakamba kanthu. Patapita zaka, mulu wa vinyalala pakati pa Ponte unakwera ma floor angapo: matiresi, mafiriji akufa, mabotolo, vakudya voola, makoswe onenepa ngati tumphaka. Malo amene anafuna kuikapo snow anasanduka Chunga ya mkati mwa nyumba.

Vinafika poipa kwakuti kumapeto kwa ma 1990 kunabwera maganizo akuti chinyumba chonse achisandutse jele. Anaona ati chili kale bwino: chozungulira, khomo limodzi, akaidi ungawaone onse. Ganizo ilo linafera m'njira, koma likuuzani pamene dzina la Ponte linafika.

Anthu a chipyango na anthu a ma brochure

Manje mvetserani mbali yachiwiri, chifukwa anthu a mitundu iwiri anayesa kuukitsa Ponte, ndipo nifuna muone amene anakwanitsa.

Oyamba anabwera cha mu 2001. Eni nyumba, kampani ya Kempston imene inadziwika na ma truck, anaika oyang'anira atsopano, mwamuna na mkazi wake. Vamene anachita sivingalowe mu movie ya Drake. Anaika security pa khomo kuti adziwe amene alowa na amene atuluka. Anayamba kulemba kuti mu flat iliyonse mukhala ndani. Anayamba kukonza ma lift, mapaipi na magetsi. Ndipo anayamba kuchotsa chija chimulu, nchito yonunkha, ya manja, imene inatenga nthawi yaitali. Pang'ono-pang'ono anthu a mabanja anayamba kubwerera.

Achiwiri anabwera mu 2007. Apa South Africa inali itapatsidwa kale World Cup ya 2010, ndipo aliyense mu Joburg anali kununkhiza ndalama. Ma developer analowa na pulani yotchedwa New Ponte. Anati tizaipanga ya ma bwana futi: ma flat ogulitsa, mipando ya style, mashopu apamwamba. Anapanga ma flat a chionetsero, anasindikiza ma brochure okongola a anthu omwetulira ali na ma glass m'manja. Kuti nchito iyambe, anthu ambiri amene anali kuchita rent anauzidwa kuti achoke. Ma floor athunthu anakhala opanda munthu. Omanga anayamba kugumula vipupa, ndipo vigumu vina vinaponyedwa mu chibowo chimodzimodzi chija.

Ndiye 2008 inafika. Ma banki a ku America anagwa, nkongole zinauma dziko lonse, ogula anasowa. New Ponte inafa isanabadwe. Nyumba inabwerera m'manja mwa Kempston ili na mabala: ma floor ogumulidwa theka, vitseko vothyoka, na katundu wa anthu amene anachoka mothamanga.

Pa nthawi iyo anyamata awiri, wojambula vithunzi wa ku South Africa Mikhael Subotzky na mnzake wa ku Britain Patrick Waterhouse, anayamba nchito imene inawatengera zaka pafupifupi zisanu na chimodzi. Anajambula chitseko chilichonse, windo iliyonse na TV iliyonse mu Ponte. Anajambula anthu mu lift. Analowa na mu ma flat osiyidwa, natola vamene vinatsala pansi: makalata, vithunzi va mabanja, mapepala a anthu opempha chilolezo chokhala m'dziko. Buku yao, Ponte City, inatuluka mu 2014, ndipo mu 2015 inawina mphoto yaikulu ya ojambula, Deutsche Börse Photography Prize.

Ine vija votola pansi ndiye vimanigwira mtima. Munthu sasiya chithunzi cha amai ake pansi ngati achoka mwa kufuna kwake. Pamene ena anali kukamba ati "tikonza nyumba," kwa wina chinali chimodzimodzi na kumva ba landlord agogoda ati mwezi ukatha nifuna room yanga, mwana wanga abwera. Imwe a m'komboni mudziwa mwamene mawu aja amalasira m'mimba.

Pambuyo pa kugwa kwa maloto aja, eni nyumba anabwerera ku pulani yosasangalatsa: kumaliza kukonza ma flat na kuwachititsa rent kwa anthu wamba. Osati ma bwana a mu brochure. Ma nurse, ma security guard, ana a sukulu za ukachenjede, oyendetsa ma taxi, azimai ogulitsa, anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa. Amenewo ndiye anadzaza Ponte, ndipo ni rent yao imene iyendetsa ma lift mpaka lero.

Tsiku lamene n'nalowamo

Pa khomo sungolowa ngati pa msika. Okhalamo amaika chala pa makina kuti geti itseguke, mlendo alembetsa. Pansi pali tumashopu na malo a ana otchedwa Dlala Nje, mawu a Chizulu otanthauza kuti sewera chabe. Anayamba mu 2012, oyambitsa ake ni Nickolaus Bauer na Michal Luptak, amene anali kukhala momwemo. Amatenga alendo kuwazungulitsa mu Ponte na mu Hillbrow, ndipo ndalama za alendo zithandiza malo a ana aja, kumene amachitira homework na kusewera akachoka ku sukulu. Kumakhalanso mpikisano wothamanga pa masitepe kuchokera pansi mpaka pamwamba, masitepe oposa 900. Ine n'nakwera na lift, musanifunse vambiri.

Kumwamba uona Joburg yonse: Hillbrow Tower pafupi ngati ungaigwire, milu yachikasu ya dothi la ku migodi, misewu yodzala motoka. Koma malo amene ananikhalitsa chete ni pansi, pakati pa chibowo. Uimirira pa mwala, kuli kamphepo kozizira, uyang'ana kumwamba, mawindo azungulira, azungulira, mpaka kuthera pa kathambo kozungulira ngati mbale. Umva mawu a wailesi kwinakwake, mwana alira, wina atsuka mapoto. N'naganiza kuti pamene naimirira apa, zaka zina kumbuyo nikanakhala pansi pa vinyalala va anthu masauzande. Ndipo wina wake, amene dzina lake silili mu buku iliyonse, anavinyamula na manja.

Sinifuna kukunamizani ati manje ni paradaiso. Ukatuluka pa geti, Hillbrow ikali Hillbrow, foni uibisa. Malamulo a mkati ni olimba, maka-maka pa nkhani ya alendo, ndipo ena amadandaula ati ukhala ngati uli ku boarding. Komanso rent ya nyumba yokonzedwa siingakwanitsidwe na aliyense. Amene anali osaukitsitsa, aja anali kugona khumi mu flat imodzi, sanasowe m'dziko. Anangosamukira ku vinyumba vina vamene vikali vakufa.

Ndipo vinyumba ivo vimapha. Pa 31 August 2023, moto unabuka usiku mu nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, mu town imodzimodzi ya Joburg. Inali nyumba ya khonsolo imene inasiyidwa, anthu ena naigwira n'kuyamba kulipiritsa rent. Mkati munali tuvipinda twa mapulanga na makatoni, njira zothawira zotsekeka. Anthu oposa 70 anafa, pakati pao ana, ndipo ambiri anali ochokera kunja, kuphatikizapo abale athu a ku Malawi. Mtunda wochoka pa Ponte kufika apo ni waufupi. Kusiyana kwa nyumba ziwiri izi sikunali mtundu wa anthu okhalamo. Kwina kunali munthu amene nchito yake ni kuona kuti khomo litseguka, paipi isebenza, waya sali poyera. Kwina kunalibe.

So imwe achinyamata amene mulota Joburg, amene msuweni anakuuzani pa WhatsApp ati bwera chabe, pogona tizaona: funsani bwino. Nyumba iyo mwini wake ni ndani? Rent mupereka kwa ndani, ndipo apereka receipt? Moto ukabuka usiku mutulukira kuti? Mafunso aya aoneka aulesi pamene uli na njala ya ulendo, koma ni amene asiyanitsa wobwerako na katundu na wobwerako mu bokosi.

Tibwere kunyumba

Ise a Lusaka nkhani ya chinyumba chakufa siyachilendo. Society House inapsa mu 1997, ndipo kwa zaka zoposa khumi inaima pa Cairo Road yakuda bii, tonse tipita pansi pake ngati palibe chachitika, mpaka anabwera kuikonza. Koma ine nikamba va pafupi kupambana apo. Nikamba ma flats amene tikhalamo.

Kuyambira mu 1996, nthawi ya ba Chiluba, nyumba zambiri za khonsolo na za boma zinagulitsidwa kwa okhalamo. Mabanja ambiri anapeza pao-pao koyamba, ndipo icho chinali chinthu chachikulu. Koma pa ma flats panatsala funso limene mpaka lero tikali kulizemba. Flat ni yako, inde. Nanga masitepe ni a ndani? Mtenje ni wa ndani? Paipi ya sewer imene ichoka pamwamba kupita pansi, kudutsa m'mabafa a mabanja anayi, ni ya ndani?

Pa block pathu, sinizatchula dzina, bulb ya pa masitepe inafa chaka chatha. Tonse tili na ma smartphone, ena a mitengo yoposa rent ya miyezi itatu. Ndiye usiku uliwonse muona anthu akulu-akulu akwera na torch ya foni, apereka moni mumdima, "mwachoma bwanji ba neighbour," koma palibe agula bulb. Na ine wemwe nilimo, sinidzipatula. Mkati mwa ma flat muli ma tiles, ma TV aakulu, ma sofa a nkongole. Ukangotuluka pa chitseko, fungo. Kumbuyo kwa block kuli kamulu ka vinyalala kamene kanayamba na pulasitiki imodzi. Aliyense akamba ati ni aja a pamwamba. A pamwamba akamba ati ni ana a aja a pansi. Ba landlord anga amabwera pa 1 mwezi uliwonse osachedwa olo na ola imodzi, koma nikawauza va paipi yodontha amati "nizatuma munthu." Munthu uja akali m'njira kuchokera chaka chatha.

Ponte inayamba chimodzimodzi. Siinagwe tsiku limodzi. Inayamba na lift imodzi imene sanakonze, na pulasitiki imodzi imene palibe anafunsa. Kusiyana n'kwakuti ise tilibe chibowo cha ma floor 54 chobisamo manyazi athu. Vathu vimapita mu ngalande, mvula ikabwera vibwerera pakhomo. Ndipo tidziwa vamene vimatsatira. Tinaona kolera ya 2017 na 2018. Tinaonanso kumayambiriro kwa 2024 pamene Heroes Stadium, malo a bola na ma concert, inasanduka chipatala, masukulu nachedwa kutsegulidwa. Vinyalala na sewer si nkhani ya kukongola chabe.

Manje tichite chani? Sinili injiniya, diploma yanga ni ya utolankhani. Koma kuchokera ku nkhani ya Ponte natolapo tunthu tungapo.

Choyamba, nyumba ya anthu ambiri ifunika munthu mmodzi wodziwika amene ayankha. Kaya ni caretaker, kaya ni ka committee ka anthu atatu, koma pakhale dzina na nambala ya foni. "Tonse" sagula bulb. Ngati timakwanitsa chilimba mwezi na mwezi osaphonya, ngati timasonkha va kitchen party na va malilo, tingalephere bwanji kusonkha ka ndalama ka otola vinyalala na ka plumber? Chofunika ni buku. Walipira ndani, yagula chani, yatsala zingati, viikidwe pa gulu ya WhatsApp kuti aliyense aone. Ndalama yosonkha imafa tsiku lamene anthu ayamba kukayikira wosunga.

Chachiwiri, imwe ochita rent, lembani. Paipi ikaphulika jambulani, tumizani uthenga kwa ba landlord, sungani. Mukakonza na ndalama zanu, gwirizanani poyamba kuti izachotsedwa ku rent, ndipo sungani receipt. Anthu a mu Hillbrow ya ma 1980 analibe pakamwa chifukwa lamulo linali kuwasaka. Imwe palibe lamulo likusakani. Ndipo mukapita anayi pamodzi, mawu amalemera kupambana kupita wekha.

Chachitatu, kwa imwe ba landlord, chifukwa nidziwa muwerenga, mwina pepala mwabwereka kwa tenant. Rent yonse si phindu. Mbali ina ni ya nyumba yeniyeniyo. Mukaidya yonse, mudya nyumba yanu pang'ono-pang'ono, kuyambira ku mtenje. Tsiku lina muzapeza kuti tenant wabwino wathawa, watsala ni uja amene alibe kwina kopita ndipo salipira.

Chachinayi, tikamva mawu okoma akuti malo akuti "azakonzedwa," kaya ni ma flats, kaya ni msika, kaya ni komboni yonse, tizifunsa msanga: akamaliza kukonza, azakhalamo ni ndani? Amene alimo lero apita kuti pamene nchito ichitika, ndipo azabwerera pa mtengo wanji? Chithunzi cha pa chikwangwani chimakhala chokongola nthawi zonse. Anthu a mu Ponte anachiona mu 2007, ena mpaka anasiya vithunzi va ana ao pansi.

Vamene ma kamera saonetsa

Chimene chimaniseketsa n'chakuti opanga ma movie akali kuikonda Ponte ngati malo oopsa. Akafuna kuonetsa kutha kwa dziko, ma zombie olo likulu la vigawenga, athamangira kuja. Amabwera na magetsi ao, ajambula usiku, apita. M'mawa mwake mayi wa pa floor ya 22 atsika na lift kupereka mwana ku sukulu, wa security amupatsa moni, wopyanga wayamba kale nchito. Iyo movie palibe azaipanga, chifukwa lift imene isebenza siigulitsa ma ticket.

Next time mukaona chija chibowo pa screen, muuzeni amene mwakhala naye kuti muja mukhala anthu, ndipo analipira rent mwezi uno. Ine pa Saturday nipita ku Kamwala kukagula bulb. Ba neighbour a pa number 6, imwe muli na ladder, musabise, n'naiona pamene munali kumanga dish. Tionana pa masitepe, ndipo imwe ena tionana sabata ya mawa pa page ino.